Mwafunsa, Tayankha: Ndalama za kafukufuku tingazipeze kuti?

Makalata ambiri amene afika pa tebulo langa mwezi uno achokera kwa aphunzitsi ndi antchito a m'mayunivesite a kuno ku Lilongwe, ndipo onse akukhudza ndalama zochitira kafukufuku, zimene pa sukulupo amangoti grant. Ndasankhapo asanu, ndawafupikitsa, ndipo maina a olemba ndawabisa monga anapemphera eni ake. Ndikuyankha monga munthu amene ndakhala zaka zambiri mu ofesi yothandiza aphunzitsi kukonza ndi kutumiza mapempho otere.

Funso: Ndine mphunzitsi wa za ulimi, ndipo ndinabwera kuchokera ku maphunziro a PhD zaka ziwiri zapitazo. Kuti ndikwezedwe pa ntchito akufuna ndikhale nditasindikiza zotsatira za kafukufuku, koma kafukufukuyo amalira ndalama zimene ine ndilibe. Ndikayang'ana ndimaona kuti ndalama zimangozungulira mwa mapulofesa omwewo chaka ndi chaka. Kodi ife ongoyamba kumene tigogode pa khomo liti? Ndine mphunzitsi, Likuni.

Yankho: Bambo, zimene mwaonazo n'zoona, koma si nthawi zonse pamene chifukwa chake chimakhala kukondera. Wopereka ndalama amene ali ku London kapena ku Ottawa sakudziwani nkhope, ndipo asanatulutse madola ake amafuna umboni wakuti munthuyu anasungapo ndalama za eni, anazigwiritsa ntchito imene anapemphera, analemba malipoti pa nthawi yake ndipo anasindikiza zimene anapeza. Pulofesa mukumudandaulayo mbiri imeneyo ali nayo, inu simunakhale nayo, ndipo njira yoipezera ndi kuyamba ndi ndalama zochepa zimene anzanu ambiri obwera kumene ku maphunziro amazinyoza.

Yambirani pa sukulu yanu pomwepo. Ofesi yoona za kafukufuku ndi imene imalandira zilengezo za mipikisano, ndipo ndi imenenso imasunga manambala olembetsera amene mabungwe akunja amafuna, monga UEI ya boma la America ndi PIC ya European Union. Pitani mukadzionetse, mukasiye CV yanu, mupemphe kuti zilengezo zizikupezani. Tsegulaninso nambala ya ORCID yokuzindikiritsani monga wofufuza, imene ndi yaulere, chifukwa mafomu ambiri masiku ano amaifunsa pa tsamba loyamba lenilenilo. Ndimadabwa ndi kuchuluka kwa aphunzitsi amene amaponda mu ofesi imeneyi kwa nthawi yoyamba pa tsiku lotsekera mpikisano.

Mumzinda wathu momwemuno muli likulu la National Commission for Science and Technology, bungwe limene ambiri amangoti NCST, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la sayansi ndi luso la 2003. Bungweli lili m'gulu la Science Granting Councils Initiative, limene linayamba mu 2015 mothandizidwa ndi IDRC ya ku Canada ndi mabungwe ena, ndipo nthawi ndi nthawi limalengeza mipikisano ya ndalama za kafukufuku. Ndalama zake sizikhala zochuluka, komabe ubwino wake ndi wakuti mumapikisana ndi Amalawi anzanu, kapena mumagwirizana ndi anzanu a m'maiko oyandikana nafe, m'malo molimbana ndi dziko lonse lapansi. Polemba pempho lanu muonetse kuti ntchitoyo ikugwirizana bwanji ndi masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 ndipo nsanamira yake yoyamba ndi ulimi wopindulitsa ndi wamalonda. Koma musangomata dzinalo mu ndime yoyamba ngati chithumwa, pakuti oweruza amaliona m'mapempho onse ndipo salabadiranso. Nenani mbewu yake, boma lake, mlimi wake, ndi chimene chidzasinthe m'munda mwake kafukufuku akadzatha.

Poti inu ndinu wa za ulimi, dziwani bwino RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite ophunzitsa ulimi mu Africa umene unakhazikitsidwa mu 2004 ndipo ofesi yake ili ku Makerere University ku Kampala. Kwa zaka zambiri mgwirizanowu wakhala ukupereka ndalama kwa mphunzitsi kuti ayang'anire ophunzira a digiri yachiwiri pa kafukufuku wa m'midzi, ndipo ndalama zamtunduwu ndi zabwino kwa wongoyamba chifukwa pomaliza amakhala ndi ophunzira omaliza maphunziro m'dzina lake komanso zosindikiza, zomwe ndi zinthu ziwiri zimene komiti yokweza anthu pa ntchito imawerenga. Ngati ntchito yanu ndi ya mu labotale, akademi ya sayansi ya TWAS ya ku Trieste m'dziko la Italy, imene inakhazikitsidwa mu 1983, imathandiza asayansi a m'maiko osauka ngati lathu ndi ndalama zogulira zipangizo ndi mankhwala oyesera, koma malipiro anu sailipira, choncho musataye nthawi kuwalemba mu bajeti.

Njira ina imene ndaiona ikutukula achinyamata ndi kulowa m'ntchito yaikulu imene yapezeka kale. Pamene World Bank inayambitsa ntchito ya ACE II mu 2016, yolimbikitsa malo a kafukufuku ndi maphunziro apamwamba m'mayunivesite a mu Africa, Malawi inapeza malo awiri, AquaFish ku Bunda woona za ulimi wa nsomba ndi ACEPHEM woona za umoyo ndi mankhwala azitsamba ku College of Medicine ya nthawi imeneyo ku Blantyre. Dziko la Norway nalonso lathandiza Bunda kwa zaka zambiri, ndipo ndondomeko yake yothandiza mayunivesite ya NORHED II ndi ya zaka za 2021 mpaka 2026. Ku Chitedze kuli akatswiri a boma pamodzi ndi a mabungwe monga ICRISAT, IITA ndi CIMMYT amene amafuna anzawo a ku yunivesite. M'ntchito zotere mumakhala tizigawo ting'onoting'ono timene wamkulu wake sangathe kutigwira yekha. Pitani kwa pulofesa uja, osati kukapempha ntchito ya alawansi, koma mukamuuze kuti gawo lakutilakuti mungaligwire ndi kulilemba, ndipo mukufuna dzina lanu lilembedwe monga wofufuza mnzake.

Lolani ndikufotokozereni chimene chinandichitikira, chifukwa mapempho abwino ambiri amafera pa khomo. Chaka china mphunzitsi wina anabwera nalo pempho lake madzulo a tsiku lotsekera, lolembedwa bwino kwambiri moti ndinalisirira. Titayamba kulikweza pa intaneti magetsi anathima, jenereta inapezeka ilibe mafuta, ndipo tinakhala m'galimoto lake pa malo oimika magalimoto, kompyuta ili pa maondo, tikugwiritsa ntchito bando ya pafoni. Zonse zitakwera, makina anafunsa chilolezo cha mkulu wosainira wa sukulu, amene tsiku limenelo anali ku maliro kumudzi kumene foni siigwira. Ntchito ya miyezi itatu inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti tsiku lake lotsekera ndi sabata imodzi tsiku lenilenilo lisanafike. Muzionanso ola: mipikisano ya European Union imatseka 5 koloko madzulo nthawi ya ku Brussels, imene m'miyezi yawo yotentha imafanana ndi yathu, koma m'miyezi yawo yozizira imakhala 6 koloko kuno.

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimaphunzitsa za umoyo. PhD ndinaimaliza mochedwa chifukwa cha uchembere, ndipo zilengezo zambiri zimanena kuti zikufuna achinyamata. Kodi ine nthawi yanga inapita? Ndine mayi wa ku Area 18.

Yankho: Mayi, werengani bwino mawu a zilengezozo, chifukwa zambiri siziwerenga zaka zanu zobadwa koma zaka zimene zapita chilandirireni PhD. Bungwe la OWSD, limenenso lili ku Trieste, lili ndi thandizo la amayi asayansi a m'maiko ongotukuka kumene lofika madola 50,000 a ku America, ndipo chimene limafuna n'chakuti PhD yanu isapitirire zaka 10. Wellcome ya ku London, imene ili ndi mbiri yaitali m'dziko muno kudzera mu Malawi-Liverpool-Wellcome ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ili ndi thumba la ofufuza ongoyamba limene limalandira mapempho ochokera m'maiko ngati lathu, ndipo imaganizira nthawi imene munthu anapuma pa ntchito chifukwa cholera ana kapena kudwala. Choncho zaka za uchemberezo musazibise ngati chinthu chochititsa manyazi. Zilembeni momveka pa malo amene fomu yapereka, kuyambira mwezi wakuti mpaka mwezi wakuti, kuti woweruza asaganize kuti munangokhala. Poti muli m'za umoyo, yang'ananinso EDCTP, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi a mu Africa pa kafukufuku wa matenda opatsirana umene unayamba mu 2003, ndiponso Science for Africa Foundation ya ku Nairobi imene ikuyendetsa DELTAS Africa, ndondomeko yosula ofufuza a mu Africa. Anzanu a za ulimi muwauze za AWARD, nayonso ya ku Nairobi, imene imathandiza amayi ofufuza za ulimi.

Funso: Ndinapeza ndalama za kafukufuku wa zaka zitatu, koma ndakhumudwa. Choyamba, sukulu yathu inadulapo gawo lake ndisanagwire n'komwe tambala imodzi, pamene usiku wonse ndinkachezera kulemba ndine. Chachiwiri, pofika chaka chachiwiri ndalama zinachepa mphamvu moti mankhwala a mu labotale sindinathe kugula. Kodi n'zotheka kuti ulendo wina ndalama zidzabwere ku akaunti yanga? Ndine mphunzitsi, Area 47.

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi funso lomalizalo: ayi, ndipo musayesere. Pafupifupi mabungwe onse odalirika amasainirana mgwirizano ndi yunivesite osati ndi munthu, chifukwa odita akabwera amafuna mabuku a sukulu, ndipo ndalama zikasowa amene amabweza ndi sukuluyo. Inu ndinu woyendetsa ntchito, koma ndalamazo si zanu.

Gawo limene sukulu imadula, lija amaliti overhead, ndi lolipirira zinthu zimene kafukufuku wanu amagwiritsa ntchito koma sizilembedwa pa mzere wake mu bajeti: magetsi a mu labotale, madzi, intaneti, alonda, ndi wowerengera ndalama amene amakonza malipoti anu. Kukula kwake kumatengera wopereka ndalama. NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa za umoyo, imalola 8 peresenti yokha ku masukulu a kunja kwa dziko lawo, Gates Foundation imafika 15 peresenti ku mayunivesite a kunja kwa America, pamene Horizon Europe, thumba la kafukufuku la European Union, imapereka 25 peresenti. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mphunzitsi amalemba bajeti ali yekha kunyumba, nagawa ndalama zonse ku mafuta, zipangizo ndi alawansi, osasiya malo a gawo la sukulu. Ndalama zikabwera, a zachuma amadula ndithu monga mwa malamulo awo, ndipo chodulidwacho chimachoka pa ntchito yeniyeni. Mukanakhala nawo pansi a zachumawo musanatumize, gawolo likanalembedwa pamwamba pa zofunika zanu ndipo akanalilipira ndi wopereka ndalama. Apa ndinene chilungamo kuti dandaulo lanu lili ndi mbali yake yoona. Mphunzitsi akadulidwa gawo lotere kenako n'kumadikira masabata angapo kuti pepala logulira mafuta lisainidwe, mbewu zili kuuma m'munda woyesera, ali ndi ufulu wofunsa kuti gawo lija likugwira ntchito yanji. Funsolo mukalifunse ku msonkhano wa dipatimenti ndi ku komiti ya kafukufuku, ndipo mupemphe kuona ndondomeko yolembedwa ya kagawidwe kake.

Za kuchepa mphamvu kwa ndalama n'zimene zapweteka anthu ambiri. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munalemba bajeti m'makwacha, n'kuika K11.8 miliyoni yogulira makina a madola 10,000. M'mawa mwake makina omwewo akufuna K17 miliyoni, musanawerengere zoyendetsa ndi msonkho. Amene anapweteka kwambiri ndi aja ndalama zawo zinasinthidwa zonse kukhala makwacha tsiku limene zinafika, pamene zogula zawo zinali zakunja. Choncho ulendo wina, ngati wopereka ndalama ndi wakunja, bajeti muilembe m'ndalama yake, mulembe pansi mtengo wosinthira umene mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, ndipo mitengo ya chaka chachiwiri ndi chachitatu muikweze m'malo mokopera ya chaka choyamba. Funsani a zachuma ngati ndalamazo zingasungidwe mu akaunti ya ndalama zakunja, podziwa kuti malamulo a Reserve Bank pa nkhani imeneyi amasinthasintha. Zipangizo zodula muzigule m'miyezi yoyambirira. Ndipo zinthu zikavuta, lemberani wopereka ndalama msanga kupempha chilolezo chosuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Ambiri amavomera akauzidwa nthawi ilipo, koma amakwiya kwambiri akazitulukira okha mu lipoti.

Pa nkhani ya malisiti sindichulutsa mawu. Ndinaonapo ntchito yabwino ikuimitsidwa chifukwa cha malisiti a mafuta olembedwa ndi dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi, koma onena kuti anachokera ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Salima. Wovutika sanali mwini ntchitoyo yekha, pakuti wopereka ndalama uja anayamba kukayikira aliyense wochokera pa sukulu imeneyo.

Funso: Ine si mphunzitsi, ndimagwira ntchito mu laibulale, ndipo mnzanga ndi wothandizira mu labotale. Kodi ndalamazi ndi za aphunzitsi okha? Ndine wowerenga wanu, Kawale.

Yankho: Mayi, zambiri zimafuna kuti wotsogolera akhale ndi PhD, koma si zonse. British Library ili ndi thumba lotchedwa Endangered Archives Programme, limene linayamba mu 2004, lothandiza kujambula ndi kusunga pa kompyuta zolembedwa zakale zimene zili pa ngozi yowonongeka. Taganizirani mabuku a ubatizo ndi makalata akale amene ali m'mamishoni a chigawo chino chapakati, ena akudyedwa ndi chiswe m'makabati. Woyenera kutsogolera ntchito yotere ndi munthu wa luso lanu, mogwirizana ndi eni zolembedwazo ndi a National Archives ku Zomba. Ndondomeko ya Erasmus+ ya European Union nayonso imalola antchito osaphunzitsa kupita kukaphunzira ntchito ku yunivesite ya ku Ulaya kwa masiku angapo, malinga ngati sukulu yanu ili pa mgwirizano ndi sukuluyo. Mnzanuyo auze aphunzitsi a m'dipatimenti yake kuti polemba mapempho azimuikamo ndi dzina, pamodzi ndi ndalama za maphunziro ake ndi zokonzetsera makina, chifukwa m'malabotale athu muli makina odula amene anaphimbidwa ndi nsalu atangowonongeka kachitsulo kamodzi, popeza palibe anaganizirapo za wowasamalira. Aphunzitsi a mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe amene amabwera mu laibulale mwanu akudandaula kuti ndalama zonse ndi za sayansi, muwalozere ku CODESRIA ya ku Dakar, imene yakhala ikuthandiza kafukufuku wamtundu wawo kuyambira 1973.

Funso: Pulofesa wina wa ku Ulaya, amene sindinakumanepo naye, wandilembera kuti akufuna ndikhale nawo pa pempho lawo lalikulu. Akufuna CV yanga ndi kalata yochokera ku sukulu yathu pasanathe masabata awiri, koma pempholo sananditumizire, ngakhale bajeti yake. Anzanga akuti ndivomere msanga mwayi usandiphonye. Nditani? Ndine mphunzitsi, Area 25.

Yankho: A Dokotala, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kalata zotere zimachuluka tsiku lotsekera likayandikira, chifukwa mipikisano yambiri imalamula kuti pakhale mnzawo wa mu Africa, ndipo ena amakumbukira lamulolo pempho atalemba kale. Sindikunena kuti mukane, pakuti migwirizano ina yolimba inayamba ndi kalata ya mlendo. Mumzinda uno tili ndi chitsanzo cha UNC Project pa Kamuzu Central Hospital, ntchito ya mgwirizano ndi University of North Carolina ya ku America, imene inatenga nawo mbali pa kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anasonyeza kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV mwayi wopatsira mnzake kachilombo ka HIV umachepa kwambiri. Mgwirizano wotere umatheka pamene mbali zonse zikudziwa zimene zasainira.

Musatumize kalata ya sukulu musanawerenge pempho lonse ndi bajeti. Muone kuti ndi ndalama zingati zimene zidzafike ku Malawi, ndipo zidzadutsa m'mabuku a sukulu yanu kapena adzangobwera nazo m'thumba kudzalipira otolera mayankho m'midzi. Muone udindo umene akupatsani, chifukwa wofufuza mnzawo ndi wosiyana kwambiri ndi wowaperekeza kwa mafumu ndi kuwamasulira. Mufunse kuti zimene zidzatoleredwe zidzasungidwa kuti, ndani adzakhale ndi ufulu wozigwiritsa ntchito, ndipo maina pa zosindikiza adzasanjidwa motani. Ngati pali magazi, dothi kapena mbewu zopita kunja, pamafunika mgwirizano wolembedwa wa katumizidwe kake. Muwakumbutsenso kuti chilolezo cha kwawo sichikwanira kuno: kafukufuku wa za umoyo amayenera kudutsa ku komiti monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku yunivesite ya za umoyo ku Blantyre, wa za chikhalidwe cha anthu ku komiti ya NCST kapena ya yunivesite yovomerezeka, ndipo makomitiwa ali ndi malipiro ake ndi nthawi yake, zimene ziyenera kuoneka mu bajeti ndi mu ndondomeko ya miyezi.

Palinso funso limene kale sitinkalifunsa. Mu 2021 boma la Britain litatsitsa thandizo lake la kunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ntchito zina za kafukufuku zinadulidwa zili pakati, ndipo mu 2025 kutsekedwa kwa USAID kunaimitsa ntchito zambiri m'dziko muno mwadzidzidzi. Choncho mufunse kuti ndalama zikadzadulidwa, ophunzira anu amene adzakhale ali pakati pa digiri ndi antchito amene mudzawalembe adzatani, ndipo yankho lake lilowe mu mgwirizano.

Ayankheni lero lomwe mwaulemu, muwathokoze, munene kuti nkhaniyo yakusangalatsani, ndipo mupemphe pempho ndi bajeti pofika Lachisanu, powauza kuti ofesi ya kafukufuku ya sukulu yanu siitulutsa kalata isanaone zimenezo. Kalata yanuyo muitumizenso ku ofesiyo kuti ayambe kukonzekera. Akatumiza, khalani nazo pansi masiku awiri, mulembe zimene mukufuna zisinthidwe, ndipo muonjezemo funso limodzi la kafukufuku lochokera kwa inu, limene mudzalitsogolere nokha ndi ophunzira anu. Akayankha kuti nthawi yachepa ndipo bajeti mudzaiona ndalama zikadzatuluka, muwauze kuti mudzakhala okondwa kugwira nawo ntchito pa mpikisano wotsatira, ndipo CV yanu musawatumizire.